Mpiru wakudimba ukundiposa ntchito

Pa nkhani yowothera dzuwa, m'dera lathu lonse palibe angandipose. Nyengo yozizira ikafika mundipeza pakhonde, miyendo tambalale, mpaka mthunzi utandithamangitsa. Chondiwawa n'chakuti mpiru wa mayi a kunyumba kudimba umawothera dzuwa lomwelo, koma pofika madzulo iwo umakhala utapanga chakudya. Ine ndimadzuka ndi njala basi.

Waulula chinsinsi ndi mwana wanga wa kusekondale, mayi ake akumvetsera ndi chidwi chokayikitsa. Akuti m'maselo a tsamba muli tinthu tobiriwira totchedwa chloroplast, tosaoneka popanda maikulosikopu. Kalikonse n'kokutidwa ndi zikopa ziwiri zopyapyala zosankha cholowa ndi chotuluka. M'katimo muli timatumba taphwatalala, ma thylakoid, tosanjikizana m'timilu totchedwa grana. M'makoma a timatumbati ndimo mukhala chlorophyll, amene amamwa kuwala kofiira ndi kwa buluu n'kubweza kobiriwira. Mphamvu ya kuwalayo imang'amba madzi ochokera kumizu, ina n'kusungidwa m'timamolekyu totchedwa ATP ndi NADPH, ndipo okosijeni amatulukira kunja. Okosijeni ameneyo ndiye ndimalizira mkonono masana, osalipira ngakhale tambala.

Kunja kwa timatumbato kuli madzimadzi otchedwa stroma. Kumeneko mpweya wa carbon dioxide, wolowera pa timabowo ta tsamba, umasandutsidwa shuga, ndipo wotsala amasungidwa ngati sitachi. Melvin Calvin wa ku America adalandira mphotho ya Nobel mu 1961 chifukwa chofufuza njira imeneyi. Munthu kulandira ulemu wa dziko lonse chifukwa choyang'anitsitsa zomera! Ine ndayang'anitsitsa dimba lija kuchokera pakhonde mpaka imvi kumera, koma ngakhale a mfumu sanandiitanepo.

Apa ndidaona mpata wodziteteza. Ndidati, “Mwamva mayi? Carbon dioxide ndimatulutsa ndine popuma. Ndiye kuti pa mpiru umenewu dzanja langa lilipo.”

Iwo osatembenuka n'komwe: “Bambo, mbuzi nayonso imapuma, ndipo imaperekanso manyowa.”

Chondipepesa chidali chimodzi. Mu stroma muja muli enzyme yotchedwa RuBisCO, yogwira carbon dioxide, ndipo akatswiri amaidziwa kuti ndi yachidodo: pa sekondi imagwira timamolekyu towerengeka, nthawi zina n'kugwira okosijeni m'malo mwake. Tsamba siliichotsa ntchito ayi, limangopanga yochuluka. Ameneyu ndi m'bale wanga weniweni, kungoti mayi akana zoti m'nyumba muno tichuluke.

Tsono inu alimi anzanga, chlorophyll sapangika popanda nayitrojeni ndi magnesium. Mukaona masamba akumunsi ayamba chikasu, kawirikawiri nthaka yatha nayitrojeni. Thirani manyowa kapena urea msanga, koma ponyamula thumba musadzere kwathu.