Akuti Tizigulitsa Mpweya

"Akuti azungu ayamba kugula mpweya."

Anatero mnyamata wa kabaza atakhalira njinga yake pansi pa mtengo wa mango, pa msika wa Mitundu. Munali mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndipo cha ku Dzalanyama utsi unali tolotolo m'minda. Anthu anali pakalikiliki kusosa.

"Mpweya wake uti, aise?" anafunsa mnzake.

"Wa kaboni. Ndamva pa wailesi. Ukadzala mitengo, kaya ukaleka kutentha mapesi, akumabwera kudzayeza, kenako madola m'thumba."

Mayi wogulitsa ndiwo zamasamba pafupi pomwepo anapukusa mutu uku akuwaza madzi pa mpiru wake. "Inu, ndalama za pa wailesizo mundisiye nazo. Ine ndikufuna wina andiuze chimene chalowa m'munda mwanga. Munda womwewo amayi anga ankadzaza nkhokwe osathira kanthu. Lero ndikapanda feteleza, chimanga chikumasula chili m'chiuno, kaufiti ali waa. Thumba nalo linadutsa kale K100,000."

Amene anawayankha anali mtsikana wophunzira pa koleji ya Bunda, yemwe ankadikira minibasi ya m'tauni. "Amayi, tandibwerekani mpiru umodzi." Unali wa kudimba, wozula ndi mizu yomwe. Anafikisira dothi la kumizu m'dzanja lamanzere: lakuda bii, lachinyontho, la timibulu tofewa. Ndi dzanja lamanja anatapa dothi la pamene tinaimapo, lofiira, louma, lothawa pakati pa zala.

"Zimene achimwenewa akunena ndi izi. Kudaku ndi masamba, mizu ndi ndowe zimene zinawola kalekale, ndipo kuposa theka la zowoleranazi ndi kaboni. Wa m'munda mwanu uja anachoka."

"Anapita kuti?"

Mtsikanayo analoza utsi uja ndi mlomo.

Sananame. Chimanga chikamakula chimakoka mpweya wa kaboni kudzera m'masamba n'kumangira phesi, mizu ndi chitsononkho. Phesi likauma, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi kaboni ameneyu. Mukaliyatsa, amabwerera kumwamba nthawi yomweyo n'kukawonjezera mpweya umene ukutsekereza kutentha padziko. Mukalisiya kuti liwole, chiswe, nyongolotsi ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timalidya. Kaboni wambiri amathawabe pang'onopang'ono, makamaka kuno kotentha, koma kagawo kena kamamatirira ku dothi n'kukhalamo zaka zambirimbiri. Chonde chimamangika ndi kagawo kameneko, chaka ndi chaka. Akatswiri amawerengera kuti mita imodzi yapamwamba ya nthaka ya dziko lonse lapansi ikusunga matani pafupifupi 1,500 biliyoni a kaboni, kuposa amene ali mumlengalenga ndi m'zomera zonse mutaphatikiza. N'chifukwa chake pa msonkhano wa zanyengo wa ku Paris mu 2015, dziko la France linabweretsa ganizo lakuti kaboni wa m'nthaka azionjezeredwa ndi magawo 4 pa 1,000 chaka chilichonse.

Ife tikuyenda chobwerera. Mu 1992 hekitala imodzi ya m'Malawi inkataya matani 20 a nthaka pa chaka chifukwa cha kukokoloka. Pofika 2014, kafukufuku wa boma ndi bungwe la FAO anapeza matani 29. Nthaka imene imayamba kupita ndi yapamwamba, yakuda ija. Kumwera imakathera mu Shire n'kukakwirira madamu a magetsi a Nkula ndi Kapichira.

Madala wina wogulitsa mipini ya makasu, amene nthawi yonseyi ankangosema phee, anaika sompho pansi.

"Mwana wanga, walankhula bwino, koma khasu ndaligwira ndine. Ulimi wa mtayakhasuwo alangizi anatiphunzitsa, ndipo ndinaumvera. Ndinayala mapesi munda wonse nditangokolola. Mu Julaye ng'ombe za eni ake zinadya theka. Mu Ogasiti ana osaka mbewa anayatsa moto, otsalawo psiti. Ndikanangowojekera m'mizere monga ankachitira bambo anga, bwenzi ndili ndi kanthu."

"Nanga nkhuni?" anawonjezera mayi aja. "Dzalanyama akutha ndi makala. Mapesiwo ndi zitsononkho ndi zimene tikuphikira nsima. Ndiphimbire munda, ana agone ndi njala?"

Apa m'pamene nkhaniyi imandigwira mtima. Phesi limodzi lomwelo akulilimbirana mafuwa, ng'ombe, mpanda wa bafa, nazale ya fodya ndi nthaka, ndipo nthaka, poti silankhula, imalandira chotsala. Munthu wouza mlimi kuti asiye mapesi m'munda, osamuuza chimene aphikire madzulo ano, nkhani yake sanaimalize. Komanso kwathu kuno chimanga chikangolowa m'nkhokwe, munda umasanduka wa aliyense: wa abusa, wa osaka, wa odutsa ndi ndudu yoyaka. Mlimi mmodzi payekha sangasunge chonde m'mudzi umene moto ulibe mwini.

Mtsikana uja sanakane. Anati mapesi si njira yokhayo. Nandolo wodzala m'chimanga amatsitsa mizu pansi kwambiri, masamba ake amayoyokera m'munda, ndiwo mumadya, mitengo yake n'kukhala nkhuni. Anatchulanso gilisidiya, amene ku Makoka m'boma la Zomba akhala akumuyesa m'minda ya chimanga kuyambira zaka za m'ma 1990: mumamudulira, masamba n'kukwirira m'mizere, timitengo n'kupita nato kukhitchini.

"Ndiye palinso msangu..."

"Za msangu usandiphunzitse," anadula madala aja, nkhope ikuwala. "Ndili nayo itatu, anasiya ndi agogo anga. Mtengo wanzeru umene uja. Mvula ikamabwera, mitengo ina ikuphuka, iwo ndiye umayoyola masamba, dzuwa n'kumafika pa chimanga. Chilimwe ngati chino ndiye wabiriwira, mbuzi zikutola nyemba zake pansi n'kusiyapo ndowe. Pansi pake sindinathirepo feteleza, koma chimanga chake amachita kuima odutsa. Vuto n'lakuti ukadzala lero, odzadyerera ndi adzukulu."

Mayi aja nawo anaulula kuti chaka chatha anapanga manyowa a Mbeya: gaga, phulusa, ndowe ndi feteleza pang'ono, kuwaza madzi, kumanga m'thumba la pulasitiki masiku 21. Mbali imene anathirako, anatero, dothi layamba kufewa pa khasu.

Wa kabaza uja sanaiwale zake. "Zonsezo zabwino, koma madola aja nanga?"

"Alipo, achimwene, ndipo boma linakhazikitsa ndondomeko ya malonda a kaboni mu 2023," anayankha mtsikanayo. "Koma kaboni wa m'nthaka amachuluka mochedwa, kumuyeza n'kodula, ndipo moto umodzi kapena kugalauza kawirikawiri kumabweza ntchitoyo m'mbuyo. Pa ekala imodzi kapena ziwiri simungagulire malata. Wina akabwera ndi pepala loti musaine, mufunse kaye kuti zanu ndi zingati, zibwera liti, ndipo munda mwaumanga zaka zingati."

Ine ndikuti ndalamazo zibwere ndithu, ndipo zisabwere ngati chifundo. Africa yense satulutsa ngakhale magawo 4 pa 100 a mpweya wa kaboni wochokera ku mafuta ndi malasha padziko, koma ndife amene tinataya anthu oposa 1,000 namondwe Freddy atagumula mapiri ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe mu Malichi 2023. Chaka chotsatira ng'amba inapsereza minda mpaka maboma 23 mwa 28 analengezedwa kuti ali pa ngozi. Ngongole imeneyi ili ndi eni ake. Koma mayi wa mpiruyu asadikire eni ngongolewo kuti asamale munda wake. Nthaka yakuda imamwa madzi mvula ikagwa yamkuntho, ndipo imawagwira mvula ikadula masabata awiri kapena atatu chimanga chili pafupi kumasula. Feteleza wodulayu naye amagwira bwino pa nthaka yotere kusiyana ndi pa mchenga woguga. Phindu limeneli limafika mu nkhokwe popanda wodzayeza.

Minibasi itafika, mtsikana uja anapukuta manja n'kukwera. Mayi aja anatembenukira kwa madala.

"Achikulire, inu mumakhala nawo pafupi amfumu. Bwanji osaika lamulo? Woyatsa moto m'munda wa mnzake alipe mbuzi, kaya ndi mwana alipire makolo. Ng'ombe nazo zikhale ndi kodyera kwake, zisamangolowa paliponse."

Madala anatola sompho wawo, kuyang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Mayi, ng'ombe zambiri m'mudzi muja n'za amfumu omwewo."

"Ndiye tiyambire pomwepo. Msonkhano wa makuponi uli Loweruka. Inu mukangondiikira kumbuyo, kulankhulako ndikalankhula ndine."