Ulemu kwa kankhono ka m'dambo

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndikuti ukadekha kuposa pamenepo umafika pa magazi ake, ndipo ukawadziwa magaziwo sudzaipondanso mwachipongwe.

Ndikunena kankhono ka m'madzi, kochepa ngati njere ya chimanga, kamene kamamatirira kunsi kwa masamba ndi mabango m'madambo a kuno ku Chadiza, m'mbali mwa Nsadzu ndi m'zithaphwi za kumadimba kumene amayi amatunga madzi othirira repu ndi tomato. Akatswiri amakatcha Bulinus, ndipo mnzake wa chigoba chophwatalala ngati batani ndi Biomphalaria. Ana a sukulu amazidziwa ndi mbiri imodzi yokha, yoti zimasunga likodzo: woyambayo lija mwana amakodza nalo magazi, winayo la m'matumbo. Mlanduwo sindiukana. Koma kubwalo la mfumu Mlolo kapena Zingalume sagamula nkhani atangomva mbali imodzi, ndiye lero ndaima ngati nkhoswe ya nkhono.

Nkhono siitana likodzo. Dzira la nyongolotsi ya likodzo limachokera mwa ife anthu, likagwa m'madzi limaswa kachilombo kosaoneka ndi maso, kamene kali ndi maola owerengeka kuti kapeze nkhono, apo ayi kafa. Kakaipeza kamaboola khungu n'kulowa. Woyamba kulasidwa pa nkhondoyi ndi nkhono, ndipo siigona chagada kudikira imfa ayi.

Magazi ake ndi ofiira ngati athu, chifukwa nawonso ali ndi haemoglobin yonyamula mpweya. Msuweni wake wamkulu uja amakwawa kumunda mvula ikagwa, iye amanyamula mpweya ndi mkuwa, moti magazi ake amaoneka obiriwira ngati thambo. Dziko lonse la Zambia limanyadira mkuwa wa ku Kitwe ndi Chingola, koma nkhonoyi imayenda nawo m'thupi usana ndi usiku!

M'magazi a kankhono ka m'madzi muli maselo oyendayenda. Akamva kuti mwalowa mlendo amathamangira pamalopo, amamuzinga mizere mizere ngati anthu azinga njoka pabwalo, kenaka amamuthira mankhwala otchedwa hydrogen peroxide mpaka afe. Nanga amadziwa bwanji kuti uyu ndi mdani, poti nkhono ilibe ma antibody, asilikali aja amene thupi lathu limapanga likalandira katemera? Apa ndi pamene ndimaivulira chipewa. Mu 1997, Coen Adema, Eric Loker ndi anzawo a ku University of New Mexico anafalitsa zimene anapeza mwa Biomphalaria glabrata ya ku South America, m'bale wa nkhono zathuzi: mapuloteni otchedwa FREP, amene amachuluka m'magazi nyongolotsi ikangolowa, n'kugwira zinthu zimene nyongolotsiyo imatulutsa. Mu 2004 gulu lomwelo linasonyeza chinthu chimene ambiri ankati n'cha nyama za msana zokha: nkhono imasinthasintha kapangidwe ka mapuloteniwa, kotero kuti nkhono ziwiri za m'chitsime chimodzi sizinyamula zida zofanana ndendende. Tangoganizani wosula zitsulo amene ali ndi chipala chimodzi koma mkondo uliwonse umatuluka ndi nsonga yakeyake. Pambuyo pake atatseka limodzi mwa mapuloteniwa, lotchedwa FREP3, zina mwa nkhono zimene kale zinkakana matenda zinayamba kugwidwa. Mu 2013 ofufuza a ku Perpignan ku France anapezanso lina, biomphalysin, la mtundu wa mapuloteni oboola mabowo pa khungu la mdani, limene limapha ana a nyongolotsi ya likodzo.

Zonsezi zili m'kanyama kamene kangalowe m'kabotolo ka mankhwala ndi anzake makumi awiri. Kalibe fupa, kalibe dzino loluma nalo munthu, kalibe kothawira, koma kamamenya nkhondo imene chipatala chimamenya ndi mapilitsi. Nyongolotsi iliyonse yofera m'thupi la nkhono ndi tizilombo zikwi zambiri timene sitidzatulukanso kukaboola miyendo ya mwana wosamba padziwe. Ndani wina ku Chadiza kuno amatilondera chonchi osapempha ngakhale chipande cha ufa?

Ndipo tinyama topanda msanati ndi aphunzitsi a madokotala kuyambira kale. Mu 1882 ku Messina, Élie Metchnikoff anabaya munga mwana wa kanyama ka m'nyanja kooneka ngati nyenyezi, m'mawa mwake napeza maselo ataunjikana pa mungawo. Apo ndi pamene anthu anayamba kumvetsa kuti thupi lili ndi maselo odya tizilombo, ndipo iye analandira mphoto ya Nobel mu 1908. Ngakhale lero puloteni ya m'magazi a nkhono ina ya m'nyanja ya ku California amaigwiritsa ntchito pofufuza katemera.

Tsiku limene azaumoyo abwera kusukulu ndi mapilitsi a likodzo otchedwa praziquantel, ana amwe ndithu, atadya kaye phala. Ine ndimangolakalaka kuti aphunzitsi ajambulenso pabolodi kachigoba kaja ndi maselo ake atazinga mdani. Mawa popita kudimba ndivala majombo, poti likodzo si masewera, koma ndikafika pachithaphwi nditembenuza tsamba limodzi mosamala, ndiombe m'manja katatu, kenaka ndilibwezere mmene linalili.