Chitamando cha Chisoti Choyabwa cha pa Msika wa Lilanda

Pakati pa zovala zonse zimene zimakhala pamitu ya ana a anthu, kuyambira nduwira za mafumu ndi zisoti zosongoka za mabishopu, kufikira mawigi oyera amene oweruza a ku khoti lalikulu amapirira nawo ngakhale m'mwezi wa October, pamene agalu omwe athawira kunsi kwa magalimoto, palibe chimene chatumikira mtundu wathu mokhulupirika, nichilandira mwano m'malo mwa malipiro, monga chisoti choluka cha salaula, chija amachiyala pansi, pa saka yong'ambika, pakhomo pa msika wa Lilanda ku Lusaka. Popeza palibe nkhoswe imene yaimirira kuchinenera, ine ndadzipereka, ndipo ndipempha bwalo kuti lindilole kulankhula kufikira nditatha.

Mlandu wake ndi umodzi, ndipo sitiukana: chimayabwa. Munthu akachivala kanthawi, pamphumi pamayamba kunyerenyetsa, kuseri kwa makutu kumatentha, ndipo pochivula amapezeka ali ndi mzere wa totupa wozinga mutu wonse. Osuma mlanduwu ndi apamwamba a kumayadi, a ku Kabulonga ndi ku Woodlands, amene atulukira masiku ano kuti khungu lawo ndi lanthete, losachedwa kukwiya, kotero kuti palibe chingakhale pamutu pawo koma ubweya wa cashmere; ndipo amakhala pansi kulangizana za kasankhidwe kake, kuti uyambe wakhuza chisoticho patsaya kapena pakhosi, kuti upenye ngati msoko wake suli wokakala, kuti uchichape ndi manja m'madzi ozizira nuchiyanike chogona pamthunzi monga wodwala. Ife a ku Lilanda, ku George ndi ku Matero timamva zimenezi ndi ulemu wonse, pakuti sitinadziwe kuti khungu nalonso limafunsidwa maganizo.

Kuti mlandu uweruzidwe mwachilungamo, tiyambe tamudziwa mnzathu wopikisana nayeyo. Cashmere ndi ubweya wa mbuzi. Inde, mbuzi yomweyi imene timaipirikitsa m'dimba. Kungoti mbuzi zakezo zimakhala ku Mongolia, kumpoto kwa China, ndi kumapiri oyandikana ndi Kashmir, kumene chisanu chimaumitsa mitsinje kufikira anthu ayenda pamwamba pa madzi, ndipo Namalenga, pozichitira chifundo, amazimeretsa kunsi kwa ubweya wokakala kaubweya kena kosalala, kamene abusa amakapesa ndi chipeso chisanu chikamatha. Mbuzi imodzi, itagwira ntchito chaka chathunthu, sipereka woposa wolukira chisoti chimodzi kapena ziwiri. Mukagawa milimita imodzi m'zigawo 1,000, ulusi wa cashmere sufika pa zigawo 20, pamene tsitsi la munthu kawirikawiri limaposa zigawo 50; ndipo odziwa za nsalu anapeza kuti ulusi ukaposa zigawo 30 supindika ukakhudza khungu, koma umalasa ndi nsonga yake. Kuyabwa kumene tikuimbidwa nako mlandu ndiko kulasa kumeneku. Chisoti chathu chili ndi msana. Sichigwadira khungu la munthu aliyense.

Ndipo amene anakulira pa Buku Lopatulika sadzafulumira kukhulupirira mbuzi. Adzakumbukira mbali imene mbuzi zidzaimirire pa tsiku la chiweruzo. Adzakumbukiranso kuti pamene Rebeka anafuna kunyenga Isake wokalamba, anafunda manja ndi khosi la Yakobo ndi zikopa za ana a mbuzi, nkhalambayo nifufuza ndi zala, nikhulupirira zimene zalazo zinaiuza. Chinyengo chimenecho sichinathe. Kufikira lero amalonda amasakaniza cashmere ndi ubweya wa nkhosa kapena ulusi wopanga, nasokerera kansalu kolembedwa mawu okoma, wogula nafufuza ndi zala monga Isake, napereka madalitso ake onse pa kauntala. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma mneneri amene anakonza njira m'chipululu anavala ubweya wa ngamila, ndipo sitimva kuti anayamba waukhuza patsaya.

Chisoti chathu sichinyenga munthu, pakuti sichinabadwe kwa nyama iliyonse. Chochuluka cha mtundu wake ndi ulusi wa acrylic, umene kampani ya DuPont ya ku America inayamba kuugulitsa cha m'ma 1950 ndi dzina loti Orlon, ulusi wochokera ku mafuta a pansi pa nthaka, mbale wake wa jumbo ndi chigubu. Apa pali ulemerero wake woyamba. Tinaphunzitsidwa kusunga chuma kumene njenjete siziwononga, ndipo alaliki akhala akutiuza kuti malo otero ali kumwamba kokha. Koma taonani, njenjete imene imaboola cashmere ya bwana m'kabati yake ya ku Kabulonga, ikafika pa chisoti cha ku Lilanda imachinunkhiza nibwerera ndi njala. Mbala nayonso, ngakhale itachiona pachingwe usiku wonse, imatenga chingwecho.

Lingalirani tsono za ulendo wake, inu amene simunapitirire Chirundu. Chinalukidwa ndi makina kutsidya kwa nyanja. Chinavalidwa nyengo imodzi ku Manchester kapena ku Toronto, kufikira mwini wake, amene khungu lake linalinso lanthete, anachiponya m'bokosi la zopereka kwa osauka. Chinasankhidwa, chinapanikizidwa pamodzi ndi zinzake m'belo la makilogalamu 45 lomangidwa ndi zingwe zolimba. Chinawoloka nyanja zamchere kufikira doko la Dar es Salaam, Beira kapena Durban. Chinakwera lole, chinagona m'nyumba zosungira katundu m'tauni, ndipo tsiku lina m'bandakucha, mayi wina atamanga chitenje m'chiuno, anachitola pa mulu wa ku msika wa Soweto, nakwera nacho basi yodzera ku Matero. Chinachita zonsezi chopanda pasipoti, chopanda kuima pamzere wa visa, ndipo njira imene ana athu amaifera pofuna kupita, icho chinaiyenda chobwerera mwa kufuna kwake. Pa chifukwa ichi mudzaona agogo amene sanaonepo chipale chofewa chigwere kumwamba atasenza pamphumi dzina la phiri limene azungu amasewerapo pa chipalecho, ndi dikoni wosamwa atavala chizindikiro cha mowa wa ku Canada polowa m'kachisi.

Khamu la alendo amenewa linasefukira makamaka kuyambira 1991, pamene boma la Frederick Chiluba linatsegula zipata za malonda, ndipo mafakitale athu a nsalu, monga a ku Kafue ndi Mulungushi ya ku Kabwe, anayamba kufooka kufikira makina anakhala chete. Ena amati salaula ndiye anawapha. Ine ndingoti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo munthu amene fakitale yamuchotsa ntchito amafunikabe chofunda kumutu, chimene salaulayo anamupatsa pa mtengo woyenera munthu wopanda ntchito. Mayi wina wophunzira, Karen Tranberg Hansen, amene anakhala nthawi yaitali akufufuza za moyo wa m'komboni ya Mtendere, anaona kuti nkhani ya salaula ndi yoyenera buku lathunthu, nalisindikiza m'chaka cha 2000. Ngati ophunzira a ku yunivesite analemekeza belo lonse, ndani adzandiletsa ine kulemekeza chisoti chimodzi?

Tifike pa ntchito zake. Lusaka anamangidwa pamtunda wa mamita oposa 1,200 pamwamba pa nyanja, ndipo m'miyezi ya June ndi July mphepo ya m'mawa imalowa m'nyumba za njerwa za simenti ndi malata monga mwini nyumba wodzatenga lendi. Pa ora limene a kumayadi akali m'mabulangete, komboni imakhala itadzuka kale: amayi ali pamzere wa pampopi, ongwangwazi akuitanira basi, okankha mawilibala alunjika ku Soweto, ndipo alonda akubwerera kuchokera ku zipata za eni cashmere. Mlonda ameneyu ndiye mboni yanga yaikulu. Mumveke chisoti chofewa, chofunda, chosisita mutu monga dzanja la amake, ndipo isanakwane 1 koloko adzakhala ali m'tulo, akuba nanyamula ndi mpando womwe anakhalira. Pakuti akale ananena kuti pakadafunda padajiwitsa galu. Koma chisoti chathu, pomupatsa kufunda kokwanira kuti asafe, chimamupatsanso kuyabwa kokwanira kuti asagone, kotero kuti chuma cha mzinda uno chimasungika usiku, osati ndi mawaya a magetsi, amene amathima pamodzi ndi malaiti, koma ndi nsonga za ulusi zolasa pamphumi pa munthu wosauka. Akadakhala oyamika, mabwanawo akadachipatsa mtulo chaka ndi chaka.

Chimaphunzitsanso mwambo, umene makolo ndi aphunzitsi alephera kuuphunzitsa. Achinyamata a masiku ano salonjera akulu, ndipo chipewa cha kapusi amalowa nacho ndi kwa apongozi komwe. Koma mnyamata wovala chisoti cha ku Lilanda amangofuna chifukwa chochivulira, kotero kuti akaona munthu wa imvi ali patali, wachivula kale, wachigwira ndi manja awiri, nkhope yake niwala ndi chimwemwe chimene wamkuluyo amachiyesa cha kumuona iye. Momwemonso pa bwalo la milandu ya m'banja, munthu wofunsidwa funso lomukulira amalowetsa chala kunsi kwa chisoti nakanda pang'onopang'ono, maso ali pansi, onse nakhala chete kuyembekezera nzeru. Ndipo ndikudziwa amuna amene anasankhidwa kukhala apampando a komiti chifukwa cha kukanda kokhako.

Koma pamaliro ndi pamene chisotichi chimakhala pa mpando wake wachifumu. Pamene amayi ali m'nyumba ndi nyimbo, amuna nachezera panja mozinga chikuni cha moto kudikira ulendo wa ku manda a Chingwere, simudzasiyanitsa kalaliki wa m'boma ndi wogulitsa makala, pakuti onse mitu yawo yamira m'zisoti za mtundu umodzi, onse akukanda, ndipo ngakhale mphwake wa malemu wochokera kumayadi, amene anafika madzulo ndi mutu wosavala, pofika pakati pa usiku amakhala atabwereka chisoti cha mwana wa mnansi, khungu lake lanthete litaiwala madandaulo ake onse. Chokhacho, asawerame kwambiri pamoto, pakuti acrylic sapsa monga ubweya, koma amasungunuka nakakamira; ndipo ichi sindichiyesa chilema, koma changu cha mtumiki wosafuna kulekana ndi mbuye wake.

Wina adzati, nanga makanda, amene khungu lawo ndi lanthete ndithu, osati mwa maphunziro? Pamenepa ndiyankha motsitsa mawu. Amayi a ku Lilanda sanadikire uphungu wa m'masitolo a ku Manda Hill: chisoti cha salaula amayamba achichapa ndi kuchiyanika padzuwa, amachitembenuza kuti msoko ukhale kunja, ndipo kunsi kwake amayalako kansalu ka thonje kong'ambidwa ku chitenje chakale, kotero kuti mwana amalandira kufunda, kuyabwako nikutsalira pa kansaluko. Nzeru imeneyi mtengo wake ndi chigamba, ndipo chifukwa cha kuchepa kwa mtengowo palibe anaiika m'nyuzipepala.

Zimachitika nthawi zina, pakuti belo silisankha nkhope, kuti chisoti cha cashmere yeniyeni chimasochera nichifika pa saka ija ya pamsika, chitagona pakati pa anzake a acrylic monga Yosefe m'nyumba ya akaidi. Ogula amachinyamula, naona kupepuka kwake, nachiunika padzuwa, nachibweza pansi ndi mawu akuti, "Amayi, aka n'kopyapyala, mphepo ya July sikangaithe, tipatseni chokhuthala chija." Chimakhala pomwepo kufikira madzulo, ndipo pamapeto pake chimapita monga mbasela kwa munthu wogula masokosi. Sindinaonepo chiweruzo cholungama choposa ichi. Ndipo mbuzi za ku Mongolia, zimene zinali pafupifupi 5 miliyoni mu 1990, nizichuluka kuposa 20 miliyoni pofuna kukhutitsa makungu anthete a dziko lapansi, kufikira msipu wa kumeneko uli kusanduka chipululu, zikadamva za chiweruzochi zikadapumula.

Chisanu chikatha, mtumiki wathuyu sapempha penshoni. Ana amamudzaza mapepala ndi majumbo namumanga kuti akhale mpira. Akatha pamenepo amapukuta nsapato, kenaka amatseka chiboo cha pazenera. Ndipo akatayidwa, popeza dothi silimudya monga silidya abale ake a jumbo, amatsikira m'ngalande, kumene amakumana ndi anzake, nagwirizana kuimitsa madzi a mvula ya January, kuti anthu a ku Kanyama, amene akadamuiwala, amukumbukire madzi ali m'mawondo.

Chifukwa chake ndipempha akuluakulu a mzinda chinthu chimodzi chaching'ono. Pa msewu wa Independence paima chifanizo cha Ufulu, munthu wodula maunyolo, amene chiimikireni mu 1974 wakhala pamenepo wopanda malaya, mutu uli pamtunda, nyengo zonse za chisanu. Pa tsiku loyamba la June, nthumwi za amayi a pamsika wa Lilanda zipite ndi makwerero, zimuveke chisoti chokhuthala cha m'belo latsopano, chofiira ngati chipezeka. Manja ake onse awiri ali otangwanika ndi maunyolo, kotero pafunika kulemba ntchito mnyamata mmodzi wa ku George woti azimukanda.