Ntchito Ziwiri za Alamu

Alamu anga, amuna a mlongo wanga wamng'ono, anamaliza za uphunzitsi ku Lilongwe TTC m'gulu lina la IPTE, n'kubwerera kuno ku Kabwazi kudzadikira kuti boma liwakumbukire. Anadikira zaka zitatu. Analima soya, anagulitsako mayunitsi, madzulo ankaphunzitsa ana a Sitandade 8 pakhonde, makolo n'kumalipira chomwe chapezeka, chomwe kawirikawiri chinali maungu. Ndiye taonani chipongwe cha mwayi. Lolemba dzina lawo linatuluka pamndandanda wa ku ofesi ya a DEM ku Dedza boma, kuti akayambe pa pulayimale ina kuseri kwa phiri uko. Lachinayi lake foni inalira: sukulu ya pulayiveti ya ku Lilongwe, ya dzina la mawu anayi a Chingerezi, lomaliza lake "Academy", ikufuna mphunzitsi.

Kwina nkhani yotere munthu amakambirana ndi mkazi wake usiku, kukacha yatha. Osati kuno. Pa Kabwazi malipiro a mphunzitsi ali ngati ng'ombe yapamaliro, aliyense amadziwiratu chiwalo chake isanagwe. Pofika tsiku la msika alamu sankatha kuchoka pachigayo kukafika pachiwaya cha chipisi osaimitsidwa kanayi.

Anayamba ndi a golosale. "Aphunzitsi, boma ndi boma. Limachedwa, koma silisamuka." Ankalankhula akusisita buku lawo la ngongole lachikuto cholimba. M'buku limenelo mlimi amalembedwa ndi pensulo, poti mvula ilibe pangano, koma mphunzitsi wa boma amalembedwa ndi bolopeni. Anyamata a njinga zamoto nawo anavomereza, chifukwa wolandira ku boma ndi ulendo wotsimikizika wa kubanki mwezi ndi mwezi, ndipo pobwerera amakwera ndi katundu. Madzulo ake a mfumu anawaitanitsa. "Ophunzitsi," anatero m'kalankhulidwe kathu konkuno, "mukapita kutawuni, chipepeso pamaliro odzawerenga ndani? Nanga maina a feteleza wotsika mtengo? Mukufuna tilembetse mwana wa Fomu 2 kuti theka la mudzi lisowe?"

Ine, monga mwini mbumba, ndinayenera kupereka uphungu wopanda mbali, ndipo ndinapereka. Ndinati apite ku Lilongwe, ana athu akakulire pafupi ndi Chingerezi. Zoti ndikapita kukagulitsa soya ndimagona padepoti nditatsamira thumba, sindinazitchule, chifukwa sizinakhudzane ndi nkhaniyo. Koma ndinadabwa kumva kuti azakhali athu, omwe akhala ndi nyamakazi kuyambira nthawi ya Kamuzu osafuna n'kumva za chipatala, anayamba kufunsa ngati nyumba ya alamu idzakhale pafupi ndi Kamuzu Central. Pofika Lamlungu abale 14 anali atakonzeka kudwala.

Alamu anaganiza zokaona okha. Anabwereka jekete kwa mkulu wampingo, lomwe manja ake ankathera pakati pa mkono, n'kukwera njinga yamoto mpaka pa M1. Zomwe anakaona anatifotokozera pobwera, titakhala mozungulira mbaula.

Akuti pageti pali kamakina koikapo chala, ukachedwa mphindi zisanu kamakuneneza kwa a dailekitala popanda ngakhale kukufunsa ngati kunyumba kwadzuka bwino. M'kalasi ana 20 okha, pansi matailosi, aliyense ndi botolo lake la madzi ngati akupita kunkhondo. Kulankhula Chichewa n'kolipitsa. Mwana amatsika m'galimoto yoti kuno ingafike pokhapokha pa kampeni, ndipo mphunzitsi ndiye amathamangira kukalandira chikwama. Atapatsidwa mpata woti aonetse luso, alamu anafuna kuyamba ndi pemphero monga munthu woleredwa. Koma inu mukudziwa kuti ife Achewa "r" ndi "l" timawaona ngati ana a mayi mmodzi. Iwo akuti ananena kuti "let us pray". Anawo anamva "play". Potsegula maso alamu anapeza m'kalasi mwatsala kamtsikana kamodzi, anzake onse ali pa katungwe panja. Kamtsikanako kanakweza dzanja n'kuwauza mwaulemu kuti tayi yawo yapotoka.

Malipiro, a dailekitala anatchula chiwerengero chomwe alamu anachimva mpaka m'mawondo. Kenako anawonjezera pang'onopang'ono kuti zimatengera mmene makolo alipirira fizi, kuti mgwirizano ndi wa chaka chimodzi, ndiponso kuti nambala yawo ilowa pa gulu la WhatsApp la makolo. Mphunzitsi wina anawanong'oneza pachipata kuti pagulupo mayi amatha kukuimbira 10 koloko usiku kufunsa kuti chivindikiro cha kontena ya mwana wake chili kuti. Pobwerera anazungulira ku Mtandire kufunsa za lendi. Chipinda chimodzi, madzi ogula pa kiyosiki, makala ogula, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, eni nyumba amakweza lendi ngati akupereka moni.

"Ngakhale nkhwani n'ngogula," anatero alamu.

Amayi, apongozi awo, anaika chikho pansi. "Nkhwani? Masamba a maunguwa?" Anapukusa mutu nthawi yaitali. Za kamakina ka chala zija sizinawakhudze, koma apa anaona kuti mwana wawo akupita ku ukapolo.

Lachiwiri lake alamu anapalasa njinga kukaona sukulu ya boma ija. Ahedi anawalandirira pansi pa mtengo wa mango, n'kuwauza kuti asauone ngati mtengo wamba, ndi Sitandade 3 B. Boma limanena kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, koma chiyambireni pulayimale yaulere mu 1994 ana amabwera ngati ngumbi, ndipo kalasi yomwe ankawasungira inali ndi opitirira 100. Kuitana maina kokha, piriyodi yoyamba yatha. Nyumba ya mphunzitsi ilipo, ya malata, koma usiku umatha kuwerenga nyenyezi uli gone, ndipo mileme inalowamo kale, ndiye mwini nyumba weniweni. Ahedi anawachenjezanso kuti m'nyengo ya gule anyamata ena amasowa m'kalasi masiku angapo, ndipo mphunzitsi wanzeru safunsa mafunso ambiri.

Komatu pamene ankatuluka, ana onse anaimirira n'kukuwa "Good morning saaa!" ngakhale kunali kutapendeka dzuwa. Mayi wina anagwada potero n'kuwapatsa kachewere wodzaza mpango, ati "ndi wa ophunzitsi atsopano". Agogo ena anawatambasulira kapepala ka kuchipatala kuti awawerengere kamwedwe ka mankhwala. Ahedi anawerenga pa zala: penshoni, alawansi ya kumudzi, ntchito ya MEC zisankho zikafika, ndi dimba kuseri kwa nyumba lomwe limatsetserekera kudambo. Alamu akuti anamva jekete lobwereka lija likuwakwana.

Sabata yotsatira anaonda. Ankadzuka usiku kulemba masamu kuseri kwa kalendala, uku lendi, uku penshoni. Pabawo anthu anagawikana, moti madala awiri anasiya kulankhulana, mmodzi akuti pusi anagwa chagada chifukwa cha ichi chakoma ichi chakoma, wina akuti amene saika phazi mumtsinje sawoloka, chonsecho onse awiri sanapondeko m'kalasi. Wachipisi ankawawonjezera kabichi mwaulere, n'kumawakumbutsa kuti mwana wake wamkulu angathe ulonda pa "Academy" paja. Ine ndinapitiriza uphungu wanga wopanda mbali, kawiri pa tsiku.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi anatiitana tonse pakhonde. Anaimirira, anakonza kukhosi, nayamba ndi mbiri ya maphunziro m'Malawi. Atafika pa Muluzi, amayi anayamba kusinza. Pomaliza analengeza kuti, ataganiza mozama monga mutu wa banja, asankha kutumikira ana a kumudzi.

Mlongo wanga sanadzutse n'komwe mutu pa lichero la nyemba lomwe ankasankha.

"Mwachita bwino, bambo a ana," anatero. "Chifukwa mpiru ndinafesa m'dimba la kusukuluko wamera kale. Ndinapita Lachitatu lija inu muli ku Lilongwe. Mileme ndinaifukiza, koma malata awiri mugule."

Azakhali anadzuka n'kunyamuka osatsamira ndodo.

Tsopano ndi mwezi wachitatu alamu akuphunzitsa pansi pa mango, ndipo dzina lawo silinalowebe pa malipiro. Akuti zikuyenda, mafayilo ali ku Capital Hill. Dzulo ndinadutsa pagolosale kukagula mchere, ndinapeza eni ake akumwetulira, akulemba pachikuto cha buku latsopano. Lakale lija akuti n'la anthu onse. Ili n'la aphunzitsi okha.