Bambo wa makhadi khumi

Malamulo a zachuma amene anakhazikitsidwa m'chaka cha 2010 amafuna kuti wochita bizinesi yobwereketsa ndalama m'Malawi muno akhale ndi chiphaso chochokera kwa mkulu woyang'anira mabungwe azachuma, yemwenso ndi Gavanala wa Reserve Bank. Mabanki amamvera ndithu.

N'chifukwa chake mphunzitsi akafuna ngongole kubanki amamuitanitsa chiphaso cha unzika, kalata ya kuntchito, pepala la malipiro, mwinanso chikole. Kenaka amafufuza mbiri yake ya ngongole ku Credit Reference Bureau. Wokhoza mayeso onsewa kawirikawiri amakhala munthu amene ndalamayo sakuifuna kwenikweni.

Wolephera amalowera kwa akatapila. Kumeneko kulibe fomu, ndipo wakatapilayo amangopempha kanthu kamodzi: khadi la ATM ndi nambala yake yachinsinsi, kuti wobwerekayo asavutike kuyenda pakutha pa mwezi. Chifundo chake! Ndalama ija imatha kubereka theka lake, pena inzake yathunthu, mwezi usanathe, liwiro loti ngakhale akalulu angachite nalo manyazi.

Akuti anthu amenewa ndi ovuta kuwapeza poti alibe ofesi. Mwina n'zoona. Kungoti tsiku la malipiro pa ATM pamaima bambo wa jekete, makhadi khumi omanga ndi labala ali m'manja, akulowetsa limodzilimodzi mosapupuluma. Pamzere wonsewo palibe wodandaula kuti akuchedwetsa anthu. Aliyense akudikira mwaulemu kuti amve ngati pakhadi lake patsala kangachepe.