Ulemu kwa Mfumu ya M'dimba

Kuno ku Lundazi chimanga chimatamandidwa chifukwa chimadyetsa banja, ndipo thonje, mtedza ndi soya zimatamandidwa chifukwa cha ndalama. Koma sindinamvepo munthu akutamanda matimati akuluakulu aja a mtundu wa beefsteak, amene chipatso chimodzi chimatha kulemera theka la kilo. Kusayamika kotereku kuthe lero, pakuti matimati amenewa ndi mfumu, ndipo amadziwa ufumu wawo.

Taonani mmene amalamulira. Mbewu zina mukadzala ndi kupalira mumapita kokacheza. Awa ayi. Mukangowachotsa pa nazale n'kuwaokera, ulendo wa ku Chipata mwauiwala, ngakhale maliro a kutali mumayamba mwaganiza kawiri. Amafuna manyowa owolerana bwino. Amafuna mtengo wolimba woti atsamire, chifukwa mfumu siyima yokha, ndipo mukawapatsa kabango amakagwetsa usiku womwewo. Amafuna kuti mlungu uliwonse muziwachotsa mphukira za m'khwapa mwa masamba. Kodi ndi mphunzitsi uti amene angachotse ulesi mwa munthu wamkulu msanga chotere?

Nkhani ya madzi ndiye imaonetsa nzeru zawo zakuya. Mukathirira lero, mawa n'kujomba, mkucha n'kujombanso, kashiamu safika bwino m'chipatso, ndipo kunsi kwake kumada bii n'kuyamba kuwola. Mukati mupepese pothira ndowa zambiri tsiku limodzi, chipatso chimafufuma mofulumira kuposa khungu lake, n'kung'ambika. Chilango cha kuumira chilipo, cha kupereka mopitirira chiliponso. Amene amatunga madzi pa mjigo kapena pachitsime cha m'dambo, mwezi usanathe amakhala ndi mapewa a munthu wa maseŵera, osalipira kalikonse.

Nyengo nayo amasankha ngati mwana wa bwana. Usiku wozizira wa June amakula monyinyirika. Dzuŵa la October likaswa mtengo amagwetsa maluŵa, kwinaku akangaude ofiira atamanga misasa kunsi kwa masamba. Mvula ikayamba, chiwawu chimafika. Pamenepa wina anganene kuti mbewuyi ndi yovuta. Ine ndikuti ndi yodzilemekeza.

Komanso ndi mfumu yochereza alendo. Mlendo wake wotchuka ndi Tuta absoluta, kagulugufe kochokera ku South America, kamene kanafika ku Spain mu 2006 ndipo mu 2016 kanali katalowa muno mu Zambia. Timbozi take timadya mkati mwa tsamba, kusiya mawanga oyera, kenako timaboola chipatso. Boma lathuli limanyadira Castle Hotel imene anamangitsa Errol Button, koma ndikukayika ngati inalandirapo mlendo woyenda ulendo wautali chotere. Matimati anu amamulandira kuseri kwa nyumba, ulere. Nkhuku zimabwera kudzalawa, mbuzi za aneba nazo sizikana kuitanidwa.

Pakatha miyezi pafupifupi itatu chiokerereni, chipatso choyamba chimapsa: chonenepa, chamakwinya, chofiira psuu, chodzaza dzanja lonse. Apa ndiye ulemerero wake umafika pachimake, chifukwa sichilola kugulitsidwa. Amayi a pamsika amagulitsa matimati pamilu, ndiye chimodzi chokha mulu wake uli pati? Wogula amafuna aŵiri ang'onoang'ono othira mu lepu kapena kapenta. Ichi mukachidula theka, theka linalo limafuna firiji. Muchiike m'bokosi kuti chiyende makilomita pafupifupi 180 kukafika ku Chipata, chikafika chitasanduka supu. Matimati a mtundu wa Tengeru ndi Roma, anthu wamba aja, amapirira bokosi, dzuŵa ndi mabampu. Mfumu siyikwera lole.

Choncho chimatsalira pakhomo, ndipo apongozi akabwera mumachiika pambale n'kukhala chete kuti aone okha. Amachitembenuza uku ndi uku, n'kufunsa kuti, "Kodi mwanawe, ndi chimodzi chokhachi?" Musakhumudwe. Mukaŵerengera mbewu, mankhwala, zingwe ndi thukuta, mupeza kuti palibe ndiwo yodula kuposa iyi imene inaphikidwapo m'mudzi mwanu.

Inu amene mukufuna kuyesa chaka chino, dzalani mitengo yochepa ya matimatiwa, pafupi ndi madzi, ndipo mumange mpanda musanafese. Pambali pake mudzalenso mzere wa Tengeru, kuti banja lizipeza chothira m'ndiwo pamene inu mukutumikira kubwalo la mfumu.