Ulemu Upite kwa Amayi a Mijedu

Chibadwire changa sindinamvepo munthu akuyamikira miseche. Abusa amaidzudzula paguwa, anankungwi amauza namwali kuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, ndipo ngakhale ojeda eniakewo amayamba nkhani ndi kulumbira kuti iwo za eni sazikonda. Ine lero ndaima kuti ndiiombere m'manja. Kwa miyezi ingapo tsopano ndakhala ndi timahedifoni m'makutu, kumvetsera mabuku amene azungu amawatcha cozy mystery, momwe munthu amafa mwaulemu, magazi osaoneka, ndipo wakupha amagwidwa ndi mayi amene ntchito yake yeniyeni ndi kusuzumira pawindo.

Mfumukazi ya onsewa ndi Miss Marple. Agatha Christie anawatulutsa koyamba m'nkhani yaifupi mu 1927, kenako m'buku lathunthu la The Murder at the Vicarage mu 1930. Gogowa sanakwatiwepo, sanapondepo kusukulu ya apolisi, ndipo moyo wawo wonse athera m'kamudzi ka St Mary Mead. Zida zawo ndi singano zolukira, dimba la maluwa lomwe amaweramiramo uku maso ali kumsewu, ndi magalasi oonera patali amene amati ndi oonera mbalame. Mbalame zake ndi zija zopanda nthenga, zolowa m'nyumba za eni dzuwa likapendeka. Wapolisi akafika ndi kabuku kake, gogo amayamba kusimba za wantchito wina wakale amene ankanama mofanana ndi mboni ya lero. Wapolisi amayasamula, ndipo buku likamatha amabwerera chipewa chili m'manja.

Koma miseche siyenda ndi munthu mmodzi. Wojeda yekha timamuti wayamba misala. Pamafunika mnzako, ndipo ubwenzi umene ndimaugwadira kwambiri ndi wa Miss Marple ndi Dolly Bantry m'buku la The Body in the Library la mu 1942. Taganizani: wantchito akukudzutsani m'mamawa kuti m'chipinda cha mabuku mwagona mtembo wa mtsikana amene simukumudziwa. Mwamuna wanu, msilikali wopuma ntchito, akuimbira apolisi. Inu mutani? Dolly akuthamangira telefoni kuimbira mnzake, n'kutumiza galimoto kuti ikamutenge adzaone nawo apolisi asanadzaze nyumba. Ena a ife anzathu amatiitana kukakhala ukwati kapena chinkhoswe basi. Mnzako weniweni ndi amene amakusungira mtembo kuti udzauone usanasunthidwe. Dolly sabisanso kuti nkhaniyo ikumukomera. Komabe ali ndi chifukwa china chimene chimandigwira mtima: akudziwa kuti wakupha akapanda kupezeka, mudzi wonse uzinong'onezana za mwamuna wake mpaka adzalowe m'manda. Akudziwa ululu wa lilime, n'chifukwa chake akuitana katswiri wa lilime. Ndipo pamene apolisi akufunsana za maola ndi zitseko, gogo akuyang'ana zikhadabo za malemuyo, kudabwa kuti n'zolumidwa. Ndani wina angayang'ane zala za mtembo, kupatula munthu amene wakhala zaka zonse akuyang'ana zala za atsikana a eni m'tchalitchi?

Agatha Raisin, wa M. C. Beaton, ndiye wandipatsa chiyembekezo choti ngakhale ife amakhalidwe operewera tingathandize dziko. M'buku loyamba la mu 1992, mayiyu wasiya ntchito ku London, wasamukira m'mudzi wa Carsely, ndipo pofuna kutchuka akulowa mpikisano wophika. Kuphika sadziwa. Akukagula quiche m'sitolo ku London n'kudzaika patebulo ngati yake. Woweruza mpikisano akuidya, akufa. Tsopano kuti apulumuke mlandu wakupha ayenera kuulula mlandu wachinyengo, ndipo m'mudzi ngati umenewo sindikudziwa wochititsa manyazi kwambiri ndi uti. Womupirira pa zonsezi ndi Mrs Bloxby, mayi busa wofatsa, amene amamupatsa tiyi, kumumvetsera, n'kumuuzako pang'ono chabe za akhristu a mwamuna wake. Pang'ono pakepo mpamene pamagona mlandu wonse.

Nanga bwanji kumvetsera, osangowerenga? Chifukwa mijedu kwawo ndi kukhutu. Pepala silitha kutsitsa mawu. Silipumira pang'ono lisanatchule dzina. Joan Hickson, amene anasewera Miss Marple pa BBC kuyambira 1984 mpaka 1992, anawerenganso ena mwa mabukuwa, ndipo ukamamumva umachita ngati wakhala naye pakhonde. Lesley Manville akamawerenga The Thursday Murder Club ya Richard Osman, ya mu 2020, amafika pa zolemba za tsiku ndi tsiku za Joyce, namwino wopuma ntchito amene watengeka ndi mnzake Elizabeth, kazitape wakale. Joyce amayamba za keke, n'kudumphira za mwana wake wamkazi amene saimba foni pafupipafupi, kenako za bambo wina wooneka bwino, ndipo za mtembo amazikumbukira mochedwa ngati munthu woiwala mchere kumsika. Iwe uli pa sinki, thovu m'manja, ukumva zinsinsi za anthu popanda wokugwira. Tchimo lonse walilawa, koma woulula kwa abusa palibe, poti anthu ake ndi opeka.

Alipo onyoza, ndawamva. Amati midzi imeneyi ikanatha kale anthu. Zoonadi, mudzi wa Cabot Cove, kwawo kwa mayi wina wofufuza milandu, Jessica Fletcher, unaika maliro kuyambira 1984 mpaka 1996 pa wailesi yakanema, koma anthu osasamuka, ndipo ankamuitanabe mayiyo kumaphwando ngakhale aliyense ankaona kuti komwe wafika kumagwa munthu. Ine ndimati kumeneko ndiye kulemekeza mlendo. Amatinso mabukuwa ndi ofanana ngati mazira. Kodi nsima ya dzulo imasiyana ndi ya lero? Tinaisiya?

Chimene ndingavomere n'chakuti akazi amenewa amadya kwambiri. Hannah Swensen wa Joanne Fluke ali ndi sitolo ya mabisiketi ku Minnesota, ndipo pakati pa mitu ya buku pamakhala kaphikidwe. Wowerenga pepala amangodumpha. Womvetsera alibe kothawira: wakupha ali kuseri kwa chitseko, mtima uli phaphapha, ndipo mawu odekha akukuuza makapu a ufa ndi masupuni a shuga. Tannie Maria wa Sally Andrew, ku Ladismith ku South Africa, naye mlandu sauyamba asanadye ndi anzake Hattie ndi Jessie.

Sabata yatha ndinatereka nyemba, n'kuvala timahedifoni tanga kuti ndingomva mutu umodzi. Miss Marple anali atasonkhanitsa anthu kuti awauze zonse. Sindinamve fungo, sindinamve kugogoda. Nditatembenuka ndinapeza mayi wa nyumba yoyandikana nane ali pawindo, akuti anaona utsi. Anali ataonanso kuti makatani ndasintha, kuti mphika ndi watsopano, ndi kuti nsapato zili pakhomopo si za mwamuna wanga. Zinali za achimwene anga, koma ndinamusiya kaye afufuze.